Masiku Khumi M'khitchini ndi Kaphulusa

Nsaru, 14 Julayi 2023

Wokondedwa mwana wanga Davie,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Limbeko, iwe ndi mpongozi wanga Tabita. Kuno tadzuka, kupatula makutu angawa amene akunka nagontherabe. Usandiuzenso za foni. Ukaimba ndimangomva ngati munthu akuyankhulira m'chidebe, ndipo ine ndinaphunzitsa ana kulemba makalata zaka makumi atatu, sindingaleke lero. Iyi ndapatsira a Selemani a golosale, amene akubwera kumeneko ndi lole yawo kudzapikula katundu.

Nkhani ndi ya Kaphulusa, galu amene unamusiya kwa amalume ako a Yakobo popita kutauni kuti azilondera chigafa cha fodya. Fodya anagulitsa mu Juni, ndipo chigafa chitatsala chopanda kanthu, mlonda naye anaiwalika. Lachiwiri ndinapita kukabwereka nkhwangwa kumeneko. Makutu anafa koma mphuno ikadali moyo, ndiye fungo linanditengera kuseri. Ndinamupeza atamangidwa ndi waya pansanamira, wayayo atalowa m'khosi, bala lili ndi mphutsi, nthiti zili pamtunda. M'mbale yake munali masamba ouma. Atandiona anayesa kugwedeza mchira, ndipo ndinalira, Davie, ine amene ana asukulu ankati ndilibe misozi.

Amalume ako ati galu wokhuta salonda, njala ndiyo imamupatsa ukali. Nditawafunsa chimene akulondera popeza fodya kulibe, anati nkhani za agalu si za amayi. Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga pulayala ya malemu bambo ako ndi wilibala, ndinakadula wayayo, n'kumukankha galuyo kudutsa pakati pa msika dzuwa lili paliwombo. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ati aphunzitsi a Regina apeza mwana wa kuukalamba. Aseke, mano ndi awo.

Pamsika amata chikalata chakuti Loweruka la pa 22 kubwera a bungwe lina loona za ziweto kuchokera ku Lilongwe, kudzabaya agalu katemera wa chiwewe ndi kuchiza zilonda mwaulere. Ndipita naye. Kwa iwe sindikupempha kanthu koma yankho limodzi. Kodi galuyu ukumufunabe kapena ayi? Amalume ako akufalitsa kuti ndinaba chiweto cha mwini.

Ndine mayi ako,
Regina

Limbe, 20 Julayi 2023

Okondedwa Amayi,

Moni wochuluka kuchokera kwa ine ndi Tabita. Tili bwino, ntchito yokha ndiyo yachuluka kufakitale. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga mtedza munamaliza kuswa?

Kalata yanu yandikhudza. Ndaona kuti nyumba yakukulirani chimwalirire bambo, ndipo ndi ine wolakwa chifukwa sindibwera pafupipafupi. Munthu akasungulumwa amakondana ndi chilichonse. Ndiye ndapatsira a Selemani wailesi yaing'ono yoyendera dzuwa kuti izikuchezetsani.

Koma Amayi, galu ndi galu. Chonde musayambane ndi amalume chifukwa cha iye. Mukudziwa kuti ndiwo ankhoswe a banja langa, ndiponso ndi mkulu wa mpingo, anthu amawamvera. Mukakangana, manyazi amafika mpaka kuno. Zokankha wilibala pamsika zija muzisiye, msinkhu wanu sulola. Ngati galuyo akukupatsani chimwemwe, musungeni kanthawi mpaka achire, kenaka tidzaona.

Ndine mwana wanu,
Davie

Nsaru, 27 Julayi 2023

Davie mwana wanga,

Moni nonse. Mwendo uli bwino, mtedza ndinamaliza. Wailesi yafika, zikomo. Kutumizira wailesi munthu wogontha ndi nzeru imene sindinakuphunzitse ine. Funso langa sunayankhe. Ana a Sitandade 4 ankateronso akasowa yankho, kulemba zambiri kuti ndisaone.

Loweruka ndinapita naye. Agalu analipo oposa zana, ena a mphere, ena okokedwa ndi luzi, ena nkhupakupa zili thoo m'makutu. Dokotala wake ndi mtsikana wa msinkhu wako, dzina lake Patricia. Anagwada pafumbi, anatsuka bala lija mpaka mphutsi yomaliza, anabaya katemera, ndipo ndinavomera kuti amufule. Sananyoze munthu aliyense. Anati akudziwa kuti mabanja ambiri chimanga chimawathera chaka chisanathe, koma madzi, phala la madeya ndi chingwe chachitali sizifuna chuma. Anatiphunzitsanso kuti galu akaluma munthu, wolumidwayo atsuke bala ndi sopo n'kuthamangira kuchipatala, ndipo galuyo asungidwe payekha masiku khumi, chifukwa wachiwewe safika tsiku lakhumi ali moyo. Amayankhula moyang'ana nkhope, ndiye ndinamva zonse.

Galu aliyense wobayidwa ankamupaka utoto wofiira pamphumi kuti asabayidwe kawiri, ndipo mwini wake ankalandira kakhadi. Utoto umenewu ndiwo wautsa mapiri pachigwa. Pofika Lamulungu kutchalitchi kunali manong'onong'o. Ati kutauni kulibe chaulere, ndipo chofiira pamphumi ndi chizindikiro cha chilombo, ayambira agalu kenaka afika kwa ana athu. Lolemba pamjigo panali mzere wa anthu akukwecha agalu ndi palafini ndi mchenga, agalu amene sanasambitsidwepo chibadwire.

Wanga sindichapa. Kakhadi kaja ndakaika m'kalata muno. Ukawerenge, kenaka uwaimbire amalume ako uwafotokozere kuti ndi katemera chabe. Ine ndawauza katatu, koma iwo mawu amawamva akachokera kutauni, m'kamwa mwa mwamuna. Ukatero ukabweze msanga.

Kaphulusa wayamba kuima yekha. Dzulo anauwa nkhuku, ndinaona kukamwa kokha koma ndinakondwa.

Mayi ako,
Regina

Nsaru, 30 Julayi 2023

Kwa muphwa wanga Davie,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ife tili bwino monga mwa chisomo. Ndalemba pamanja kuti pakhale umboni, ndipo mlembi wa mpingo ajambula ndi foni yake kuti ikupeze lero lomwe.

Mayi ako atichititsa manyazi. Za kundilanda galu ndi kumufula osandifunsa ndazisiya, ngakhale aliyense akudziwa kuti galu wofula salonda. Chachikulu ndi ichi. Anthu achilendo anabwera kudzaika chizindikiro chofiira pamphumi pa agalu. Akhristu onse ozindikira anachotsa, mlongo wanga yekha wakana. Lero galuyo anamutsatira mpaka pakhomo la tchalitchi n'kugona pamasitepe, chizindikiro chili poyera, ndipo amayi ena anabwerera panjira ndi ana awo. Pabenchi imene anakhala mayi ako panalibe wina wokhalapo.

Amayi a Mvano akuti ngati sasintha amuvula yunifolomu, imene wavala zaka makumi awiri ndi zisanu. Akulu a mpingo akufuna kukhalira nkhaniyi. Ine ndagwira njakata, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikamudzudzula ndi mlongo wanga, ndikakhala chete ati ndikukondera. Mnzake amene watsala naye ndi Rabia, mkazi wa Selemani, amene si wa mpingo wathu n'komwe.

Ndiwe mwana wamwamuna yekhayo, ndipo galuyo ndi wako. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Lamula chochita, ine ndichita.

Ndine malume ako,
Yakobo

Limbe, 1 Ogasiti 2023

Okondedwa Amalume,

Ndalandira kalata yanu ndipo mtima wandiwawa. Kwa amayi sindinalandire kalata ina. Ndamva kuti lole ya a Selemani inafera pa Ntcheu ndipo ikudikira sipeya, kapena mwina angondikwiyira.

Za chilombozo ine sindikudziwa, koma yunifolomu ija ndi moyo wa amayi. Akawavula adzadwala. Mukuwadziwa kuti sangagonje pamaso pa anthu, ndiye tiwathandize kugonja osadziwa. Lachinayi akapita ku Mvano, pitani mukachape utotowo mwakachetechete. Adzayesa kuti wafufutika wokha, anthu adzaona kuti wachoka, nkhani idzathera pomwepo. Galuyo musamupweteke. Ndipo chonde dzina langa lisatchulidwe.

Muphwa wanu,
Davie

Nsaru, 7 Ogasiti 2023

Davie,

Moni. Kalata iyi ndikulembera pabondo m'khitchini yapanja ija, chitseko ndatseka ndi mpiringidzo, Kaphulusa ali pamapazi anga. Lero ndi tsiku lachitatu. Anzanga a Rabia ajambula ndi foni yawo kuti ikupeze msanga. Sindikonda kuti makalata anga azidutsa m'maso mwa ena, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachinayi ndinapita ku Mvano, ndinakhala ndekha pabenchi yanga ngati mfumukazi. Pobwera ndinapeza pamphumi pa galu pali mbee, akununkha palafini, maso atafiira. Amalume ako amayesa ndine mwana. Utoto sufufutika wokha n'kusiya fungo la palafini.

Lachisanu galu wina wolusa analuma mwana pamsika, Ndaziona, mwana wa Fumbani kalipentala uja ndinamuphunzitsa Sitandade 6. Mwanayo anathamangira naye kuchipatala ndipo akulandira jakisoni. Galuyo anathawira kudambo, ndipo amene anamuona akuti anali wotuwa. Loweruka m'mawa komiti ya msika inagamula kuti galu aliyense wopanda chizindikiro chofiira aphedwe. Wamva, Davie? Chizindikiro cha chilombo chija chinasanduka chiphaso cha moyo. A Rabia akuti polishi wofiira wopaka pansi anatha m'golosale nthawi isanakwane naini, anthu akukapaka agalu awo pamphumi. Tsiku limenelo anapha agalu khumi ndi asanu ndi anayi, ambiri mwa iwo obayidwa kale katemera.

Masana anafika pakhomo panga, amuna asanu ndi atatu ndi zibonga, Fumbani patsogolo. Sindimuda. Maso ake anali otupa, ndipo mwana wolumidwayo akanakhala iwe, kaya ine ndikanatani. Ndinawauza kuti Lachisanu lonse Kaphulusa anali pakhonde ndi ine tikusankha nyemba. Anati galu wanga ndi wotuwa, chizindikiro alibe, ndipo nkhalamba yogontha singadziwe pamene galu wachoka. Anafunsa khadi. Khadi lili kwa iwe.

Ndinaima pakhomo la khitchini, galu ali kumbuyo kwanga, ndinati: "Fumbani, wachiwewe safika masiku khumi. Ndilowa naye muno masiku khumi. Ngati ndi wamisala, woyamba kulumidwa ndine, ndipo mudzatiika dzenje limodzi. Koma lero chibonga chako chiyambira pamutu panga."

Anayang'anizana. Palibe amene anafuna kukhala woyamba kumenya aphunzitsi ake, ndiye anavomera monyinyirika. Dzulo m'mawa ndinapeza nthuli ya nyama pansi pa zenera, ntchentche zitafera pomwepo. Choncho ndalengeza kudzera mwa a Rabia kuti ine ndi Kaphulusa tikudyera mbale imodzi, ndipo ndimayamba kulawa ndine. Wofuna kuthira galu mankhwala adziwe maliro amene akukonza.

Chakudya akubweretsa ndi a Rabia. Chipembedzo chawo sichiwalola kukhudzana ndi malovu a galu, ndiye amapereka mbale pazenera atatambasula mkono, nkhope atayang'ana kumbali. Koma sanajombepo. Akuti kupha cholengedwa chosalakwa ndi tchimo kwawonso.

Tumiza khadi lija. Unawaimbira amalume ako monga ndinakupempha?

Mayi ako,
Regina

Limbe, 9 Ogasiti 2023

Amayi anga,

Sindikudziwa poyambira. Kalata yanu ya pa 27 Julayi yandipeza dzulo madzulo, lole itangokonzedwa. Pafupifupi masabata awiri inali m'galimoto pa Ntcheu, khadi lili momwemo. Ndalijambula ndipo ndatumiza pafoni ya mayi Rabia. Lenilenilo libwera ndi a Selemani.

Amayi, musawade amalume okha. Amene anawauza kuti achape utoto uja ndine. Anandilembera kuti akuvulani yunifolomu ya Mvano, ndipo ndinaopa kuti mudzasweka mtima. Ndimayesa ndikukutetezani. Sindinakufunseni, ndinapangana ndi amalume kuseri ngati ndinu mwana, ndipo ndinapempha kuti dzina langa libisike. Tabita atawerenga kalata yanu sanandiyankhule mpaka pano.

Ndapempha tchuthi koma abwana akana mpaka mwezi uthe. Chonde tulukanimo. M'khitchini muja ndi mozizira, muli utsi, ndipo mwendo wanu mukuudziwa. Aonetseni chithunzi cha khadi, akakana apatseni galuyo, ndidzakupezerani wina wabwino kuno. Galu wina apezeka, koma mayi ndili naye mmodzi.

Ndikhululukireni.

Mwana wanu,
Davie

Nsaru, 16 Ogasiti 2023

Davie mwana wanga,

Moni kwa iwe, ndipo moni wapadera kwa Tabita, amene ndaona kuti ali ndi nzeru zokwanira anthu awiri. Ndili m'nyumba yaikulu, ndasamba, mwendo watupa ngati mtondo koma ndi wanga.

Chithunzi cha khadi a Rabia anakachionetsa kukomiti. Anati pafoni munthu angajambule chilichonse, ndiponso khadi silinena kumene galu anali Lachisanu. Apo sananame. Ndiye ndinakhalabe. Masiku anali aatali, sindikubisira. Tsiku lachisanu ndi chiwiri chifuwa chinandigwira, ndipo a Rabia analira pazenera kundipempha kuti ndituluke. Tsiku lomwelo ndi limene anandionetsa kalata yako. Nyama ya mankhwala ija sinandipweteke ngati mmene inandipwetekera kalata imeneyo. Ndinakhala pansi nthawi yaitali, galu atatsamiritsa mutu pabondo langa, ndikuganiza za mwana amene ndinamuphunzitsa kuyankhula pamaso pa munthu.

Dzulo m'mawa masiku khumi anakwana. Pabwalo panali anthu ngati pamsonkhano wa makuponi, amayi a Mvano ali chapatali m'kagulu kawo. Ndinapempha a Rabia kuti aike beseni la madzi pakati pa bwalo, popeza ngakhale mwana amadziwa kuti wachiwewe madzi amamukanika. Ndinachotsa mpiringidzo. Kaphulusa anatuluka, anadziwongola, anayang'ana khamu lonse lija, n'kupita pabeseni. Anamwa mpaka pansi kuoneka, kenaka anabwera kudzakhala pamapazi anga.

Fumbani anabwera yekha, chibonga atasiya kumpanda. Anati Ndaziona akupeza bwino, watsala ndi jakisoni mmodzi. Kenaka anasendera pafupi kuti ndione milomo yake, ndipo anati: "Aphunzitsi, Loweruka lija tikupha agalu ndinayambira wanga, kuti anthu asati ndikukondera. Anali wobayidwa. Utoto ndinachotsa ndekha pamjigo, iye akundinyambita manja."

Bambo wa ndevu zake analira pamaso pa anthu. Ndinamugwira dzanja ngati kale ali Sitandade 6, ndipo mawu onse amene ndinakonza masiku khumi kuti ndidzawalalatire anandithawa. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, osayang'anana.

Amalume ako sanabwere. Atumiza mawu akuti popeza galu wapezeka wabwino, adzamutenga fodya akadzalowa m'chigafa. Ndawayankha kuti adzabwere, adzandipeza. Za yunifolomu palibe amene wazitchulanso, ndipo mawa Lachinayi ndivala, ndikakhala pabenchi yakutsogolo. Patricia ndamulembera zonse. Akuti abweranso mwezi wamawa, ndipo ine ndi Fumbani tiyenda khomo ndi khomo kuseri kwa zigafa, chifukwa Kaphulusa sanali yekha womangidwa ndi waya m'dera lino.

Tsopano za iwe. Unati ndipereke galuyu udzandipezera wina. Ndi mmene anaganizira amalume ako fodya atatha, ndipo ndinachita manyazi kuziwerenga m'zolemba za mwana wanga. Kupepesa kwako ndakulandira, chifukwa unaulula wekha pamene ukanatha kubisala kumbuyo kwa amalume ako. Kukhululuka ndayamba, koma ndikuyenda ndi mwendo wotupa, usandifulumizitse.

Funso lija ndinakufunsa mu Julayi usavutike nalo, ndayankha ndekha. Galuyu si wako. Ukabwera kumapeto kwa mwezi uime pampanda uodire ngati mlendo aliyense. Akakuuwa ine sindidzamva, ndipo ngakhale nditamva sindidzamuletsa.

Ndine mayi ako ndithu,
Regina